Nsambo zanga zinafera m'manja mwa mnzanga

Panali pa pulakatisi ya bandi, tsiku wamba, palibe shoo palibe chani. Mnzanga amene amaimba lidi anangolumikiza gitala yake ku ampu, kumveka kukhelekheza kokhakokha, kenako zii. Tinasintha chingwe, zomwezo. Vuto linali pa kabowo kolowetsa jeki paja, kawaya kena m'kati kanali katathothoka, ndipo panalibe olo mmodzi amene anabwera ndi chowotcherera. Ine tsikulo ndinali pa kiyibodi poti mwini wake sanabwere, nde gitala yanga inangokhala m'chikwama pakona. Ndinamuuza kuti amwene tengani yangayi, nsambo zake n'zanyuwani, ndangoika kumene masiku omwewa.

Anaimba bwino zedi, zimenezo sindingamulande. Munthu uyu akagwira gitala amaiwala kuti pali mawa, amabenda nsambo, kuzikankhira m'mbali kuti mawu akwere, mpaka iwe woonerawe kumva kuwawa m'zala. Ndinaona ndithu kuti pakati pa nyimbo amapukuta dzanja pa thalauza, kupukutanso, koma m'chipindamo munali kotentha nde sindinaganizepo kanthu. Titamaliza anandipatsa gitala ija, "yafewa bwanji iyi, ma 9 eti?" Amanena za kuonda kwa nsambozo. Ndinati eya, n'kuiponya m'chikwama, zipi gwa, ulendo.

Ndinaitsegula patapita kausiku kamodzi kokha. Nsambo zitatu zing'onozing'ono zija, G, B ndi E wam'munsi uja, zinali zitachita mawanga a dzimbiri kuyambira cha pa fureti ya 5 mpaka ya 15 (mafureti ndi tizitsulo topingasa tija ta pa khosi la gitala), ndendende dera lomwe iye amakonda kusewerapo. Kumtunda kufupi ndi mutu wa gitala zinali waliwali ngati sizinakhudzidwe. Nditayendetsa chala pa B ndinamva kukhakhala, chala chikukakamira m'malo moterera. Zikuluzikulu zokulungidwa zija zinali zitachita bii, ndipo kuzikhwatcha zimangoti "dumu", mawu aja owala omwe amatsalira m'mwamba nsambo ikakhala yatsopano anali atapita.

Chomwe chinandisautsa n'chakuti nsambo za mtundu womwewo, pa gitala yomweyo, ine ndimakhala nazo nthawi yaitali osaona dzimbiri olo pang'ono. Nditamuimbira foni anangoseka. "Aaa amwene, simumadziwa? Ine nsambo sizindikhalira. Manja angawa ndi asidi weniweni." Zinamuseketsa, koma ine nkhaniyi inandikhala m'mutu mpaka lero, chifukwa mpaka nthawi imeneyo munthu akandifunsa kuti nsambo zimasinthidwa pakapita nthawi yaitali bwanji, ndimamupatsa nambala ya miyezi ngati kuti tonse tili ndi manja ofanana.

Funso la "kangati" lija

Funsoli limabwera pafupipafupi, makamaka kwa amene angoyamba kumene, ndipo mayankho ake alipo ambirimbiri. Wina akuti mwezi ndi mwezi, wina miyezi itatu, wina akuti ukaimba maola 100, wina akuti dikira iduke basi. Onsewa sakunama, aliyense akunena za manja ake ndi kaimbidwe kake. Vuto ndi loti amalankhula ngati ndi lamulo la aliyense.

Nsambo ya gitala yamagetsi ndi chitsulo, ndipo thukuta ndi madzi amchere. Pamenepo nkhani yatha kale theka. Kungoti thukuta la anthu limasiyana, ena manja awo amakhala owuma olo ataimba usiku wonse, ena kungogwira khosi la gitala mphindi zochepa layamba kale kunyowa. Onjezanipo mafuta a pakhungu, mafuta odzola, timadetsi ta m'zala, fumbi, ndi chinyontho cha m'chipinda chomwe gitala imagonamo. Gitala yomwe imangokhala poyera m'nyumba ya chinyezi nsambo zake zimatha kuchita dzimbiri popanda woigwira n'komwe.

Kenako pali kaimbidwe. Wobenda kwambiri amakhala akukhuza nsambo pa fureti tsiku lonse, chitsulo pa chitsulo. Womenya mwamphamvu ndi piki yolimba, kapulasitiki kokhwatchira kaja, akuitopetsa cha ku bridge, pomwe nsambo zimatsamira pa thupi la gitala. Wongokanda makodi pang'onopang'ono madzulo akaweruka, nsambo zake zitha kukhala miyezi ingapo zili bhobho. Nde mukawaika anthu atatuwa pa kalendala imodzi, mmodzi akhala akutaya nsambo zamoyo, wina akhala akuimbira mitembo.

Oimba akuluakulu amene amayenda m'maiko ambiri amasinthiridwa nsambo pafupifupi shoo iliyonse, koma paja iwo ali ndi munthu wolembedwa ntchito imeneyo, ndipo chomwe akuthawa kwenikweni ndi nsambo kuduka pakati pa nyimbo pamaso pa chikhamu. Zimenezo si zoti ife tizidzipanikiza nazo.

Khutu silingakuthandizeni kwambiri

Ambiri amati ukamva kuti mawu afooka, sintha. Malangizo abwino, koma ali ndi bowo. Nsambo zambiri sizifa usiku umodzi ngati zanga zija, zimafa pang'onopang'ono, lero pang'ono mawa pang'ono, ndipo khutu limayenda nazo limodzi. Zili ngati mwana wako yemwe umamuona tsiku lililonse, sudziwa kuti watalika mpaka mlendo atanena. Umangopezeka kuti wawonjezera treble pa ampu, sabata inayo wawonjezeranso, n'kuyamba kudandaula kuti mapikapu a gitala iyi, timaginito totola mawu tija, ndi ofooka, mwina ndigule ena, pamene vuto lili pa mawaya sikisi omwe ali pansi pa zala zako.

Ine pano ndimadalira zinthu zomwe ndingazione kapena kuzigwira.

Choyamba ndi kunsi kwa nsambo. Pamwamba pamanamiza chifukwa zala zimapapukuta zokha poimba. Tengani kansalu koyera, mukalowetse pansi pa nsambo imodzi, mutsine, n'kukoka kuchoka ku bridge mpaka ku nut, kachidutswa ka timipata kaja kufupi ndi mutu wa gitala. Mzere wakuda womwe utsale pakansalupo ndi womwe wakhala ukudya mawu anu. Pa nsambo zokulungidwa, litsiro limalowa m'timipata ta kawaya kozungulira kaja n'kuuma momwemo, nde nsambo imalephera kunjenjemera momasuka, ndipo oyamba kufa ndi mawu am'mwamba aja.

Kenako lowetsani chala kunsi komweko, muyendetse pang'onopang'ono. Mukamva timakwinya kapena malo ophwatalala pomwe nsambo imagunda fureti, makamaka pa D ndi G, imeneyo yatha olo ikhale yowala bwanji. Mukaikhwefula n'kuitembenuza mumaona ndithu timabala tonyezimira, fureti iliyonse yasiyapo chidindo chake.

Koma chizindikiro chomwe chimandikwiyitsa kwambiri, ndipo chomwe anthu amachedwa kuchizindikira, ndi ichi. Watchuna bwinobwino, tuner yayaka gilini pa nsambo zonse sikisi. Ukaimba makodi a kumtunda kufupi ndi nut, zonse zili bwino. Ukangotsika kupita cha pa fureti ya 10, ya 12, kodi yomweyo ikumveka yowawasa, ngati pali wina akuimba pambali pang'ono. Utchunanso, zomwezo. Chomwe chachitika n'chakuti nsambo sinalinso yofanana thupi lonse, pena yadyeka, pena yalemera ndi litsiro ndi dzimbiri, nde theka lake silikuliranso ndendende ngati theka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Gusani nsambo pamwamba pa fureti ya 12, pomwe pali theka la nsambo, osadina, n'kuikhwatcha kuti mutulutse harmonic, kamawu konga belu kaja, muone tuner, kenako dinani pa fureti yomweyo. Ngati kale zimagwirizana ndipo pano zikusiyana, kapena singano ya tuner ikungovina osakhazikika, musathamangire sikuludiraiva kukasuntha ma saddle, tizitsulo ta pa bridge tomwe nsambo zimadutsapo. Intonation, kutchunika kwa manoti m'mafureti onse, imakonzedwa pa nsambo zatsopano basi, mukakonzera pa zakale ndiye kuti tsiku lomwe mudzaike zatsopano mudzayambiranso.

Ngati mukufunabe nambala, chabwino. Munthu woimba pafupifupi tsiku lililonse, manja ake apakatikati, nsambo wamba zosakutira, nthawi zambiri pakati pa mwezi umodzi ndi iwiri zimakhala zitayamba kuonetsa zizindikiro zimenezi. Koma imeneyo ndi poyambira chabe. Lembani tsiku lomwe mwasintha pa kapaketi ka nsambozo, muike m'chikwama cha gitala, mukachita zimenezi maulendo angapo mudzadziwa nambala yanuyanu, yomwe ndi yokhayo ili ndi ntchito.

Ma 9, ma 10, ndi nkhani ya chamuna

Tsono kusankha. Anthu akati ma 9 kapena ma 10 akunena kunenepa kwa nsambo yaing'ono kwambiri ija, E woonda, poyeza ndi inchi yogawidwa ka 1000. Ma 9 ndi .009, ndipo seti yake nthawi zambiri imathera pa .042 ku E wamkulu. Ma 10 ndi .010 mpaka .046. Ma 11 amathera pa .048 kapena .049 kutengera kampani. Kwa kampani ya Ernie Ball, 9-42 ndi Super Slinky, 10-46 ndi Regular Slinky, 11-48 ndi Power Slinky. Kwa D'Addario, EXL120 ndi ma 9, EXL110 ndi ma 10. Pamapepala kusiyana kwake kumaoneka ngati kopanda pake, koma seti ya ma 10 ikatchunidwa imakoka khosi la gitala ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 45, pamene ma 9 safika 40. Zala zimadziwa kusiyanako pompopompo, makamaka pobenda.

Nkhani ya geji, kunenepa kwa nsamboko, ili ndi kachamuna kena kamene sindimakakonda. Pali anthu amene amayankhula ngati kuimba ma 9 ndi ulesi, woimba weniweni azigwira ma 11 kupita m'tsogolo, ati nsambo zonenepa ndiye mawu onenepa. Ndipo nthawi zonse dzina lomwe limatuluka ndi la Stevie Ray Vaughan, woimba blues wa ku America, yemwe amaimba ma 13. Zoona amaimbadi. Chomwe satchula n'chakuti gitala yake amaitchuna motsitsa theka la sitepe, pa E flat, zomwe zimafewetsako nsambo, komanso kuti zala zake zimang'ambika nazo. Mbali inayi kuli Billy Gibbons wa ZZ Top, yemwe mawu a gitala yake palibe angati ndi owonda, koma amaimba ma 7 ndi ma 8, tinsambo tonga ulusi. Iye mwini amafotokoza kuti anali B.B. King, katswiri wa blues, amene anagwira gitala yake ya nsambo zolimba n'kumufunsa chifukwa chomwe amadzivutitsira chonchi. Kulinso Tony Iommi wa Black Sabbath, yemwe anaduka nsonga za zala ziwiri pa fakitale ku Birmingham ali ndi zaka 17, n'kuyamba kuika nsambo zoonda kwambiri ndi kutchuna motsitsa kuti azitha kudina popanda ululu. Mawu olemera omwe anthu amati ndiwo anabala heavy metal anachokera pa nsambo zoonda zimenezo.

Ndipo paja nsambo zoondazi sizinayambe ndi makampani, zinayamba ndi oimba otopa. M'zaka za m'ma 1950 maseti amabwera onenepa, G wake wokulungidwa, kubenda kunali nkhondo. Oimba ngati James Burton amataya E wamkulu, kusuntha zotsalazo malo amodzi, n'kuika nsambo za banjo kumbali ya zoonda. Ernie Ball ataona zimenezo ndi pomwe anayamba kugulitsa maseti ake a Slinky mu 1962.

Sindikunena kuti zonenepa zilibe ubwino. Ngati mumamenya mwamphamvu, nsambo zoonda zimakwera mawu pang'ono pomwe mwangozimenya kenako n'kubwerera, komanso zimagunda mafureti n'kumalira ngati njuchi. Ngati dzanja lanu lodina ndi lolemera, pa ma 9 mumapezeka kuti makodi akumveka osatchuna chifukwa mukufinya nsambo mopyola. Ngati mumatchuna motsitsa, drop D, drop C ndi zina zotero, zoonda zimangolendewera, pamenepo mukufunika zonenepa kapena maseti osakaniza aja monga 10-52, zoonda kumunsi zonenepa kumtunda. Woimba rhythm tsiku lonse ma 10 kapena ma 11 amamukhalira bwino. Koma chifukwa chake chikhale chimenecho, osati kuopa kusekedwa.

China chomwe chimaiwalika ndi kutalika kwa gitala yomwe. Stratocaster ndi Telecaster za Fender, kuchoka pa nut kufika pa bridge ndi mainchesi 25.5, Les Paul ya Gibson ndi 24.75. Nsambo yomweyo pa gitala yaifupi imafika pa noti yake isanakungike kwambiri, nde imamveka yofewa m'zala. N'chifukwa chake anthu ambiri amaika ma 9 pa Strat, ma 10 pa Les Paul, n'kumamva ngati n'chimodzimodzi. Mnzanu akakuuzani kuti ma 10 ndi ofewa, mufunseni kaye gitala yake.

Kwa woyamba kumene ine ndimati ma 9, osakambirananso. Zala zisanachite zikang'a, chilichonse chomwe chingachepetse ululu chimawonjezera nthawi yomwe munthu akhale akuimba. Kusamukira ku ma 10 kudzabwera kokha ngati kukufunika, ndipo pali ma 9.5 kwa amene atsakamira pakati.

Mukasintha geji, gitala nayo imasintha

Apa ndidutsa mwachangu koma musapanyozere. Mukachoka pa ma 9 kupita pa ma 11, khosi limakokedwa kwambiri n'kupindikira kutsogolo, nsambo zimatalikira mafureti, ndipo pamafunika kukhudza pang'ono truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi chomwe chimaliwongola. Mukatsika geji zimachitika mosemphana, nsambo zimagona pa mafureti n'kuyamba kulira. Timipata ta pa nut tomwe tinasemedwera ma 9 titha kutsina ma 11, nde potchuna mumamva "ting" kenako noti yadumpha. Ndipo ngati gitala yanu ili ndi tremolo yoyandama ngati Floyd Rose, bridge ya kandodo yogwiridwa ndi masipuling'i, konzekerani madzulo onse, chifukwa bridge imadzuka kapena kumira mpaka mutasintha masipuling'i a kumbuyo kuti agwirizane ndi kukoka kwatsopanoko. Sitepe imodzi, ma 9 kupita ma 10 pa bridge yokhazikika, nthawi zambiri ndi kukonza pang'ono chabe. Kudumpha masitepe awiri, ndi bwino kuipereka kwa wodziwa ngati simunagwirepo truss rod.

Chitsulo chake

Mapikapu ndi maginito okulungidwa waya, amamva chitsulo chikamanjenjemera pamwamba pake, basi. N'chifukwa chake kuika nsambo za gitala ya akusitiki, zofiirira za bronze zija, pa gitala yamagetsi kumakhumudwitsa. Bronze maginito samuona, amangomva waya wa m'kati, nde zikuluzikulu zimamveka patali pamene zing'onozing'ono zikubaya m'makutu. Ndaonapo anthu akuchita zimenezi chifukwa ndi zomwe zinalipo, zimalira ndithu, koma si mawu oti munthu ungawafune dala.

Nsambo zambiri zomwe mungapeze ndi nickel-plated steel, kawaya kokulungako ndi chitsulo chopakidwa nickel. Ndi zapakatikati, zowala koma osati mobaya, ndipo ngati simukudziwa chomwe mukufuna, mukufuna zimenezi. Pure nickel ndi zofatsa, mawu ake ofunda, a kalekale, oimba blues amazikonda, ndipo ine ndimazikonda pa gitala yomwe mapikapu ake ndi olusa kale. Stainless steel ndi zowala kwambiri ndipo sizichita dzimbiri msanga, koma m'zala zimakhakhala, zimalira ukamatsetsereka, ndipo ambiri amadandaula kuti zimadya mafureti wamba mofulumira. Dziwani kuti kusiyana konseku kuli pa nsambo zitatu zokulungidwa. Zing'onozing'ono zija ndi waya wachitsulo wamba pafupifupi m'maseti onse, nde ngati zomwe zimakuferani msanga ndi B ndi E, kusintha kupita ku pure nickel sikukuthandizani chilichonse.

Palinso flatwound, zomwe kawaya kokulunga ndi kophwatalala, nsambo yonse see. Oimba jazz ndi omwe amazikonda. Sizilira ukamatsetsereka, mawu ake ndi akuda kuyambira tsiku loyamba, ndipo poti litsiro lilibe polowa zimakhala nthawi yaitali zedi. Kwa oimba bezi nkhani imeneyi imafika pena, James Jamerson wa ku kampani yojambula nyimbo ya Motown amadziwika kuti flatwound zake samasintha pokhapokha itaduka. Ndikutchula izi kuti tisaiwale kuti mawu a nsambo zakale si tchimo. Pali anthu amene kuwala kwa nsambo zatsopano kumawanyansa, amadikira masiku angapo kuti zikhazikike. Chomwe palibe amachikonda ndi nsambo yomwe yasiya kutchunika.

Zokutira zija

Mnzanga uja pano amaimba Elixir, ndipo kwa manja ngati ake sindikuona njira ina. Nsambozi zinatuluka mu 1997 kuchokera ku kampani ya Gore, yomweyo ya nsalu za Gore-Tex, ndipo nzeru yake ndi yokutira nsambo yokulungidwa ndi kachikopa kopyapyala kuti thukuta ndi litsiro zisalowe m'timipata. Polyweb ndi yokutira mochindikala, yoterera kwambiri, Nanoweb ndi yopyapyala, Optiweb ndi yomwe anayesetsa kuti imveke ngati yosakutira. Makampani enanso ali nazo zawo, D'Addario ali ndi XT ndi XS.

Zimakhalitsadi, zimenezo si bodza la otsatsa malonda. Koma ine sindinazizolowere. Zimanditerera pobenda, chala chimafuna kuthawa, ndipo zikakalamba kachikopa kaja kamayamba kunyenyeka pomwe piki imamenya, n'kumaoneka ngati ubweya. Zimadulanso kuposa wamba, nde masamu ake ndi osavuta, ngati wamba zikukukhalirani nthawi yaitali kale, phindu lake ndi lochepa, ngati zikukuferani sabata imodzi, zokutira zimabweza ndalama yake. Chenjezo limodzi, kukutira kumateteza ku litsiro koma sikuletsa fureti kudya nsambo kunsi. Nde nsambo yokutira itha kumawala, kumamveka bwino ndithu, koma intonation itapita kale. Kayezedwe ka pa fureti ya 12 kaja kamagwirabe ntchito.

Ndipo samalani ndi zachinyengo. Mayina otchuka onsewa ali ndi makope ake, paketi yofanana ndendende koma m'kati muli waya wachabechabe, wina amabwera ali ndi dzimbiri kale, wina amaduka mukungokunga koyamba. Mtengo ukatsika mokayikitsa, kayikirani.

Tsiku losintha

Zotchipa kuposa zonse ndi sopo ndi kansalu. Kusamba m'manja musanagwire gitala, kupukuta nsambo iliyonse pamwamba ndi kunsi mukamaliza, musanaiike m'chikwama. Kwa anthu a thukuta lambiri kapukutidwe kameneka ndi komwe kamasiyanitsa sabata imodzi ndi mwezi. Zowiritsa nsambo m'madzi zija, oimba bezi amachita poti zawo ndi zodula, ndipo kuwala kumabwereradi kwa kanthawi, koma pa gitala ya lidi ndi kutaya nthawi, timabala ta mafureti madzi otentha sangatichotse.

Imodzi ikaduka pa seti yakale, sinthani zonse. Yatsopano imodzi pakati pa zakale zisanu imakuwa yokha, ndipo zinzakezo zili m'njira yomweyo. Ikaduka pa seti yoti mwangoika kumene, pamenepo ikani imodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kusunga ma E ndi ma B apadera m'chikwama.

Pa gitala ya bridge yokhazikika mutha kuchotsa zonse nthawi imodzi, khosi silipindika chifukwa cha mphindi zochepazo, ndipo ndi mpata wabwino wopukuta thabwa la mafureti. Kungoti pa Les Paul ndi zofanana nayo, bridge ndi tailpiece, chitsulo chomangirirapo nsambo chija, zimagwiridwa ndi nsambo zomwezo, mukachotsa zonse zimatha kugwa n'kukala penti. Pa tremolo yoyandama sinthani imodzi imodzi, kapena muitchinjirize kaye kuti isamire.

Pokulunga pa kiyi, chopotokola chotchunira chija, musaunjike. Zikuluzikulu maulendo awiri kapena atatu, zoonda kuwonjezerako pang'ono, mzere uliwonse pansi pa unzake osakwerana. Mulu wa waya pa kiyi ndi womwe umapangitsa gitala kumangotsika yokha. Mukatchuna, gwirani nsambo iliyonse cha pakati, muikoke pang'ono kuchoka pa thabwa, osati mwankhanza, mutchunenso, mubwereze mpaka itasiya kutsika. Anthu amene amati nsambo zatsopano sizigwira tchuni ambiri amadumpha pamenepa. Ndipo ngati muli ndi shoo kapena mukukajambula ku situdiyo, sinthani dzulo lake n'kuziimbako pang'ono, osati ola limodzi musanakwere pa siteji.

Nsambo ikaduka musangoitaya, yang'anani pomwe yadukira. Ikamadukira malo amodzimodzi nthawi zonse, vuto si nsambo. Pa bridge, ndiye kuti saddle yachita kamphepete kakuthwa, kofunika kukasalaza ndi sandipepa yosalala kwambiri. Pa kiyi, kabowo kolowetsa nsambo kali ndi mano. Pa nut, kampata kakutsina, ndipo kupakamo nsonga ya pensulo kumathandiza kuti nsambo iziterera. Ikadukira pakati, pamwamba pa fureti inayake, pitani mukaigwire furetiyo ndi chala, kawirikawiri mupeza kuti yadyeka n'kuchita kakhwawa, ndipo pamenepo nkhani yachoka pa nsambo yapita kwa wokonza mafureti.